Yahoo, AltaVista ndi anzawo: tinkafufuza bwanji Google isanatchuke?

Chikondi: Akuluakulu a pa gulu lino ndithandizeni. Aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba za mmene anthu ankapezera zinthu pa intaneti m'ma 1990, ndipo akufuna tifananize ma search engine ndi ma directory. Ndawerenga kuti Yahoo poyamba sinali search engine. Nanga inali chiyani? Pa zithunzi zakale ndikuona bokosi lolembamo mawu lomwelo. Amene munazigwiritsapo ntchito ndiuzeni, yabwino inali iti?

A Mbewe: Chikondi mwana wanga, bokosi linali lofanana koma za kuseri kwake zinali zosiyana kutalitali. Yahoo anaiyambitsa ndi Jerry Yang ndi David Filo mu 1994 ali ophunzira pa Stanford. Anayamba ndi mndandanda wa masamba amene iwo ankawakonda. Utakula anaugawa m'magulu, magulu aja n'kubala timagulu tawo. Pofika 1996 ukatsegula Yahoo unkaona mitu ikuluikulu 14, monga Arts, Education, Government, Health, Science ndi Regional. Ukafuna za kwathu kuno unkadina Regional, kenako Countries, kenako Malawi. Chilichonse chimene chinali mmenemo anachiika ndi munthu wolembedwa ntchito, atachiona ndi maso ake n'kulembapo chiganizo chimodzi chofotokoza. Ukalemba mawu m'bokosi lija, Yahoo inkayang'ana m'mitu ndi m'ziganizo zofotokozazo basi, osati m'kati mwa masamba enieniwo. Directory ndi imeneyo, kaundula wolembedwa ndi anthu.

Search engine ilibe munthu wosankha. Ili ndi pulogalamu yotchedwa crawler imene imatsegula tsamba, kukopera mawu ake, kutsata ma linki onse amene yapezapo, n'kuchitanso chimodzimodzi kumene yafikako, usana ndi usiku. Mawu onsewo amasungidwa pamodzi ndi adiresi ya tsamba limene achokera. Ife a ntchito za mabuku tinkati directory ndi mashelefu a laibulale, search engine ndi index ya kumapeto kwa buku.

Chikondi: Zikomo kwambiri a Mbewe. Ndiye search engine yoyamba inali AltaVista?

Yamikani: Ayi achemwali, AltaVista inabwera mochedwerapo. Webu isanafale kunali Archie ya mu 1990, ya Alan Emtage ku McGill University ku Montreal, koma iyo inkangosunga mayina a mafayilo a pa FTP, njira yotumizirana mafayilo pa intaneti. Pa webu penipeni kunali JumpStation ya ku Stirling ku Scotland kumapeto kwa 1993, ndiye WebCrawler ya Brian Pinkerton ku University of Washington mu 1994, imene inayamba kusunga mawu onse a m'tsamba. Chaka chomwecho kunatuluka Lycos ku Carnegie Mellon, kenako Infoseek ndi Excite. AltaVista inatsegulidwa pa 15 Disembala 1995.

Koma poti mwafunsa yabwino, ine sindizungulira: AltaVista. Inapangidwa ku malo a kafukufuku a kampani ya Digital Equipment Corporation ku Palo Alto, ndipo cholinga china chinali kuonetsa mphamvu za makompyuta awo a Alpha. Louis Monier analemba crawler, Michael Burrows analemba mbali yosunga mawu. Inali yachangu moti yankho limafika usanachotse chala pa Enter, chochedwa chinali lamya yako. Chachiwiri, inkamvera. Ukaika mawu m'kati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, inkafuna chiganizo chonsecho ndendende. Ukaika + mawuwo ayenera kupezeka, ukaika - asapezeke. Panali NEAR, panali title:, host:, ngakhale link: yokuonetsa masamba amene akuloza ku tsamba lako. Munthu wodziwa kufunsa ankapeza chimene akufuna.

Mayi Nachisale: Mwanena bwino a Yamikani, munthu wodziwa kufunsa. Nanga anali angati? Ine ndinkaphunzitsa ana a sukulu ya ukachenjede kugwiritsa ntchito zimenezi mu laibulale. Wophunzira ankalemba mawu amodzi, Malawi, n'kudina. Zotsatira zake masamba zikwizikwi, ndipo pamwamba podzaza nsomba za mbuna. Azungu osunga nsomba m'magalasi ku Germany ndi ku America anali ndi masamba ochuluka onena za Lake Malawi cichlids kuposa masamba onse olembedwa ndi Amalawi. Makina sankadziwa kuti mwanayo akufuna za boma, za ulimi kapena mbiri ya dziko. Ku directory nsomba zinali ku gulu la nsomba, dziko ku gulu la mayiko.

Yamikani: Mayi, mankhwala ake anali +Malawi -cichlid -aquarium. Nsomba zonse zinkachoka.

Mayi Nachisale: Zinkachoka pamodzi ndi tsamba lililonse labwino lonena za dziko lathu limene latchulapo mbuna kamodzi. Lipoti la za usodzi ku Mangochi nalo linkapita nazo. Chizindikiro cha - sichiwerenga, chimangodula.

Dalitso wa ku Joni: Apa amayi anena zoona. Kuno ku South Africa anthu ankathawira ku Ananzi, imene inayamba mu 1996 ndipo inkangoyang'ana masamba a dziko lino. Inali ndi zonse ziwiri, bokosi lofufuzira ndi magulu. Ukafuna kampani ya ku Durban unkapita kumeneko, chifukwa ku ma engine a ku America ankakupatsa zinthu za ku California.

A Tembo: Moni nonse kuchokera ku Lusaka. Ife kuno Zamnet inayamba mu 1994, yochokera ku University of Zambia, ndiye tinalawa msanga. Chimene achinyamata simungachimvetse ndi mtengo wa mphindi. Modemu ikalira n'kulumikiza, ndalama zayamba kutha, ya lamya payokha ya intaneti payokha. Ku Yahoo kuti ufike pa chimene ukufuna unkadina kanayi kapena kasanu, tsamba lililonse n'kumatsika pang'onopang'ono. Ku AltaVista unkalemba kamodzi. Koma ukalemba molakwika unkatsegula masamba khumi opanda pake, ndalama n'kupita chimodzimodzi. Ndiye nzeru inali kudziwiratu chimene ukufuna usanalumikize. Ngati ukufuna bungwe lodziwika kapena nyuzipepala, directory. Ngati ukufuna chiganizo china chake, dzina la mankhwala kapena uthenga wa vuto umene kompyuta yakulembera, search engine.

A Mbewe: A Tembo mwafika pa mfundo yeniyeni. Kuno kwathu ambiri tinayamba ndi imelo yokha kudzera ku Chancellor College, webu inafika cha m'ma 1997. Ndipo kwa ife ofuna za Africa, thandizo lalikulu silinali Yahoo kapena AltaVista. Linali masamba awiri a ku mayunivesite a ku America: Africa South of the Sahara, limene Karen Fung ankasamalira ku Stanford, ndi la African Studies Center ku University of Pennsylvania, limene linali ndi tsamba la dziko lililonse. Amenewo analinso ma directory, koma olembedwa ndi anthu odziwa Africa. Mawu ofotokoza ankakuuza kuti ichi ndi chikalata cha boma, ichi ndi cha otsutsa, ichi ndi cha mpingo. Chikondi, mu ntchito yako usaiwale zimenezi, chifukwa aphunzitsi ako akamati directory mwina akungoganiza za Yahoo.

Tiyamike: Ndaona mochedwa, ndinali ku ntchito. Chikondi, ngati ukufuna manambala oti uikemo, fufuza kafukufuku wa Steve Lawrence ndi Lee Giles a ku NEC Research Institute. Mu 1998 analemba mu magazini ya Science kuti webu inali ndi masamba osachepera 320 miliyoni oti makina angawafikire, ndipo HotBot, imene inaposa zonse, inali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. AltaVista inali yachiwiri. Mu 1999 anabwerezanso mu Nature: masamba afika pafupifupi 800 miliyoni, ndipo yoposa zonse, Northern Light, inali ndi 16 peresenti yokha. Ma engine 11 onse kuwaphatikiza anafika 42 peresenti. Taona, m'chaka chimodzi ndi miyezi yochepa makina enieniwo anatsalira m'mbuyo. Ngati makina ankalephera kuthamanga ndi webu, nanga anthu owerenga tsamba limodzilimodzi?

Chikondi: Eee, ndiye kuti chinthu chikasowa ku AltaVista chikhoza kupezeka ku HotBot?

Tiyamike: Kwambiri. N'chifukwa chake kunabwera MetaCrawler mu 1995 ndi Dogpile mu 1996. Izi zinalibe nkhokwe yawoyawo, zinkatumiza funso lako ku ma engine angapo nthawi imodzi n'kukusonkhanitsira mayankho. Kafukufuku wa 1999 uja anapezanso kuti ma engine ankakondera masamba amene ali ndi ma linki ambiri owalozera, ndiponso masamba a ku America kuposa a mayiko ena. Zimene akudandaula amayi Nachisale zinayezedwa ndithu.

Mayi Nachisale: Zikomo mwana wanga. Ndipo ndionjezere. Anthu amanena ngati ma directory anagonja chifukwa makina anali anzeru kuposa anthu. Sizinali choncho. Cha m'ma 1997 ndi 1998 ma engine anali atadzaza zinyalala. Eni masamba anazindikira kuti makina amawerenga kuti mawu abwerezedwa kangati, ndiye ankalemba mawu amodzi kambirimbiri pansi pa tsamba, zilembo zoyera pa tsamba loyera kuti munthu asaone koma crawler iwerenge. Ena ankadzaza meta keywords, malo obisika ouzira makina za nkhani ya tsambalo, ndi mayina a anthu otchuka, pamene tsambalo likugulitsa zina. Mwana wofufuza za sukulu ankatha kugwera pa zolaula. Nthawi imeneyo Yahoo ndiyo inali pamwamba pa masamba onse ochezeredwa, chifukwa kumeneko munthu anali atayamba waona.

Tsono Google inachita chiyani? Larry Page ndi Sergey Brin anati tiyeni tiwerenge ma linki. Tsamba limene masamba ambiri akulilozera, makamaka masamba amene nawonso ndi olozeredwa, likwere pamwamba. Ndiyo PageRank. Koma linki amaika ndani? Munthu. Mphunzitsi amene walemba mndandanda wa masamba abwino a phunziro lake, wa laibulale ngati Karen Fung uja, mkonzi wa ku Yahoo. Google inatenga chiweruzo cha anthu onsewa n'kuchiwerengera pamodzi. Ntchito yosankha inakhalabe ya anthu, kungoti tsopano ankaigwira osadziwa ndiponso osalipidwa.

Yamikani: Pamenepo sinditsutsa mayi, koma pali chinanso chimene Google inachita chimene anthu amachiiwala. Inkatenga mawu olembedwa pa linki n'kuwawerengera ku tsamba lolozeredwalo. Ndiye ngakhale tsamba la yunivesite lisanalembe paliponse kuti ndife yunivesite yakutiyakuti, anthu ena onse ankalitchula choncho, Google n'kulipeza. Zili m'pepala lawo la mu 1998, pamene anali ndi masamba 24 miliyoni okha, ochepa kuyerekeza ndi AltaVista. Sanapambane ndi kukula, anapambana ndi zotsatira khumi zoyamba.

Komabe AltaVista sinaphedwe ndi Google yokha. Eni ake ndiwo anaisokoneza. Digital inagulidwa ndi Compaq mu 1998. Ngakhale dzina la altavista.com silinali lawo, ankagwiritsa ntchito altavista.digital.com mpaka Compaq inalipira madola oposa 3 miliyoni kuti ilitenge. Mu 1999 kampani ya CMGI inagula gawo lalikulu la AltaVista, ndipo onsewo ankafuna kuti ikhale portal ngati Yahoo: nkhani, malonda, imelo, nyengo, zonse pa tsamba loyamba. Bokosi lofufuzira linatsala kakang'ono pakati pa zotsatsa. Mu 2000 anatulutsa Raging Search, tsamba loyera lopanda zambiri, koma anthu anali atasamuka kale.

Dalitso wa ku Joni: Matenda a portal anagwira onse. Excite inaphatikizana ndi @Home mu 1999, pofika 2001 yagwa. Infoseek inamezedwa ndi Disney n'kusanduka Go.com. Lycos inagulidwa ndi Terra ya ku Spain mu 2000. Maganizo awo anali akuti munthu akapeza msanga chimene akufuna achoka, ndipo akachoka saona zotsatsa. Ndiye ankayesetsa kuti ukhalitse pa tsamba lawo.

A Tembo: Ndipo kwa ife a lamya yochedwa, tsamba lodzaza zithunzi linali chilango. Ine chimene chinandikokera ku Google poyamba sichinali PageRank, sindinkaidziwa n'komwe. Chinali chakuti tsamba lake linkatseguka nthawi yomweyo.

Chikondi: Pali china chandisokoneza. Buku lina likuti Yahoo inkagwiritsa ntchito AltaVista, lina likuti Inktomi, lina likuti Google. Zoona ndi ziti?

A Mbewe: Zonse ndi zoona, zaka zake ndi zosiyana. Yahoo inkadziwa kuti kaundula wake sangakwane. Ndiye ukafufuza chinthu chimene akonzi awo sanachilembe, inkakupatsa zotsatira za makina a kampani ina. Inayamba ndi Open Text, mu 1996 inatenga AltaVista, mu 1998 Inktomi, mu 2000 Google. Anthu ambiri analawa Google koyamba ali pa Yahoo. Itazindikira kuti ikulera mpikisano wake, Yahoo inagula Inktomi, kenako mu 2003 inagula Overture, imene inali itangogula kumene AltaVista ndi AllTheWeb. Mu 2004 inasiya Google n'kuyamba kugwiritsa ntchito makina akeake. Choncho AltaVista inathera m'manja mwa Yahoo, ndipo anaitseka mu Julayi 2013.

Ma engine nawo ankabwereka ma directory. Excite inagula Magellan, imene inkapatsa masamba nyenyezi malinga ndi ubwino wake. MSN inkagwiritsa ntchito LookSmart, directory imene inayambira ku Melbourne. Google yeniyeniyo inali ndi Google Directory kuyambira 2000 mpaka 2011, yotengedwa ku Open Directory, kaundula wolembedwa ndi anthu odzipereka. Mu ntchito yako usalembe ngati anali magulu awiri osalankhulana. Pafupifupi tsamba lililonse lalikulu linali ndi zonse ziwiri, kusiyana kunali pa chimene chaikidwa patsogolo.

Tiyamike: Inktomi ndi imene anthu ambiri saidziwa chifukwa inalibe tsamba lofufuzira la anthu wamba. Inachokera ku Berkeley, kwa Eric Brewer ndi Paul Gauthier, ndipo m'malo mwa makompyuta akuluakulu okwera mtengo ngati a AltaVista inkalumikiza makompyuta wamba ambiri. HotBot ya mu 1996 inkayendera Inktomi. Njira yolumikiza makina otchipa ambiri ija ndi imene Google inadzaikulitsa.

Mphatso: Ine ndinayamba intaneti ku cafe, ndipo ndimakumbukira Ask Jeeves. Imeneyo ili mbali iti?

Yamikani: Pakati. Inatsegulidwa mu 1997, ndipo inkati lemba funso lako ngati ukulankhula ndi munthu. Kuseri kunali akonzi amene ankalemba mafunso ofala n'kusankhiratu masamba oyankha. Funso lako likafanana ndi limene akonza kale, yankho linkakhala labwino zedi. Likapanda kufanana, inkakupatsa mafunso ena osagwirizana. Mu 2001 anagula Teoma kuti akhale ndi makina enieni.

Mayi Nachisale: Imene ine ndinkaikonda pa makina onse ndi Northern Light. Ukafufuza, inkagawa zotsatira m'mafoda kumanzere: za boma, za maphunziro, zamalonda, za mutu wakutiwakuti. Inkayesa kuchita ndi makina chimene directory inkachita ndi anthu. Inasiya kufufuza kwaulere kwa anthu wamba mu 2002. Mpaka lero ndimaona kuti njira imeneyo inasiyidwa isanakhwime.

Dalitso wa ku Joni: Mayi, ndikufunseni mwaulemu. Mukuyamikira akonzi, koma kumbukirani kuti Yahoo inayamba kulipiritsa. Mu 1999 anaika madola 199 kuti tsamba la bizinesi liwonedwe msanga, kenako anakweza kufika 299, kenako n'kukhala 299 chaka chilichonse. Ndalamazo zinali zongoti akuone, osati kuti ulowa ndithu. Kampani yaing'ono ya ku Blantyre kapena ku Chipata ikanazitenga kuti? Crawler siinkafunsa ndalama. Pakhale linki imodzi yokha yokulozera, tsiku lina idzakupeza.

Mayi Nachisale: Funso labwino, ndipo sindikana. Kulipiritsako kunawononga dzina la Yahoo. Koma kunali Open Directory, imene ambiri ankaitcha DMOZ. Rich Skrenta ndi Bob Truel anaiyamba mu Juni 1998 chifukwa choona kuti Yahoo ikuchedwa ndipo ma linki ake ambiri afa. Anati aliyense wodziwa mutu wina adzipereke akhale mkonzi wake, kwaulere. Netscape inaitenga chaka chomwecho. Kulowamo kunali kwaulere, ndipo aliyense ankaloledwa kukopera kaundula yenseyo n'kumuika pa tsamba lake. Inali ndi gawo la World la zilankhulo zambiri. Wikipedia isanabadwe mu 2001, umboni woti anthu odzipereka angamange chinthu chachikulu pa intaneti unali umenewo.

Yamikani: Koma madandaulo ake anali odziwika mayi. Magulu ambiri analibe mkonzi, masamba ankadikira miyezi, ena zaka. Ndipo popeza linki ya ku DMOZ inkakweza tsamba ku Google, ena ankafuna ukonzi kuti aikemo masamba awo ndi kutsekereza opikisana nawo. Munthu amakondera, makina sakondera.

Mayi Nachisale: Makina amakondera amene ali kale ndi ma linki, Tiyamike wangotiuza kumene. Ndipo za ndalama musaloze ma directory okha. GoTo.com ya Bill Gross inayamba mu 1998 kugulitsa malo poyera: wolipira zambiri pa kudina kulikonse ndiye ali pamwamba. Imeneyo ndi imene inadzatchedwa Overture mu 2001. Page ndi Brin m'pepala lawo lomwe lija analemba okha kuti search engine yodalira zotsatsa idzakondera otsatsa osati ofufuza. Patangopita zaka ziwiri, mu 2000, anayamba AdWords. Mkonzi wokondera unkatha kumudziwa ndi kumudandaulira kwa akonzi anzake, ndipo ena ankachotsedwa. Tsamba lako likatsika ku makina, ukadandaula kwa yani?

A Tembo: Pano pafika potentha. Ine ndili pakati, koma ndiikepo nkhani ya chilankhulo, chifukwa palibe waitchula. Makina onsewa anapangidwira Chingerezi, chimene mawu ake amasintha kumapeto. AltaVista inali ndi nyenyezi, ukalemba zilembo zitatu kapena kuposa n'kuika *, inkapeza mawu onse oyamba choncho. Chinyanja chathu chimasintha kutsogolo: mudzi ndi midzi, kulima, ndinalima, adzalima, osalima. Nyenyezi kutsogolo siinkaloledwa. Ukafufuza mudzi supeza tsamba lolemba midzi. Mkonzi wodziwa chilankhulo vuto limeneli alibe, amawerenga n'kumva kuti nkhaniyi ndi ya ulimi. Koma mkonzi woteroyo ku California kunalibe, ndipo masamba a Chinyanja enieniwo anali owerengeka.

A Mbewe: Ndipo Babel Fish ya AltaVista, imene inayamba kumapeto kwa 1997, inkamasulira zilankhulo za ku Ulaya monga Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chipwitikizi. Kwa abale athu a ku Tete ndi ku Angónia Chipwitikizicho chinali ndi ntchito. Chichewa chinadzalowa mu Google Translate mu Disembala 2014, mwezi womwewo umene Yahoo inatseka directory yake.

Mphatso: Ndiye Amalawi a kunja ankapeza bwanji nkhani za kumudzi?

Tiyamike: Makolo anga kuno ku Leeds ankadalira Nyasanet, gulu la pa imelo. Wina akapeza tsamba labwino ankatumiza adiresi, ena n'kuisunga mu bookmarks za Netscape. Anthu ambiri analinso ndi tsamba lawolawo ku GeoCities lokhala ndi mndandanda wa ma linki a za Malawi. Ukapeza limodzi la amenewo wapeza onse, chifukwa ankalozerana.

Mayi Nachisale: Ndi zimene ndikunenazo. Timindandanda ta anthu wamba timeneto ndito tinkadyetsa PageRank. Google itayamba kupeza chilichonse, anthu anasiya kulemba mindandanda, poti ya chiyaninso. GeoCities inatsekedwa mu 2009, DMOZ mu Malichi 2017. Ma linki amene anatsala ambiri ndi ogulidwa kapena osinthanitsa pofuna kukwera. Kwa mayiko ngati athu, kumene olemba pa webu anali ochepa kale, kutha kwa mindandanda kunatipweteka kuposa ena. Wophunzira lero akafufuza za mbiri ya Nyasaland amapatsidwa chimene chatchuka, palibe womuuza kuti chikalata ichi n'chodalirika, icho n'chokopera.

Yamikani: Ine ndikuonabe kuti wophunzira wa lero akupeza zambiri kuposa wa 1997, ngakhale pa za Malawi zomwezo. Gulu la Malawi ku Yahoo unkatha kuliwerenga lonse pa nthawi yochepa n'kulimaliza.

Mayi Nachisale: Zambiri inde. Koma ukamaliza gulu lija unkadziwa kuti zimene akonzi apeza zathera apa, zotsala ndipite ku mabuku kapena ku National Archives ku Zomba. Unkaonanso magulu oyandikana nawo amene sunawaganizire. Bokosi lofufuzira limangokupatsa chimene wafunsa, silikuonetsa kukula kwa mutuwo kapena pamene pali mpata.

Chikondi: Ndalemba zambiri, manja atopa. Ndiye ndikafananiza ndiike chiyani ndi chiyani? Ndaganiza kukula kwa nkhokwe, kufulumira kolowetsa masamba atsopano, ubwino wa zotsatira zoyamba, ndalama, ndi mmene zinkachitira ndi mayiko ang'onoang'ono.

A Mbewe: Zili bwino, koma onjeza mtundu wa funso, monga ananenera a Tembo. Popanda chimenecho kufananiza kwako kukhala kopanda mutu, chifukwa funso loti masamba a zipatala za ku Zambia ndi funso loti tanthauzo la uthenga uwu wa pa kompyuta sankayankhidwa malo amodzi. Onjezanso ma linki akufa. Directory inkakhala ndi masamba amene anatha kalekale chifukwa palibe wabwererako, ndipo ma engine nawo ankatenga masabata kapena miyezi asanadutsenso pa tsamba.

Dalitso wa ku Joni: Ndipo usangokhulupirira ife madala. Pita ku Wayback Machine pa archive.org, kumene amasunga masamba akale, lemba yahoo.com, sankha chaka cha 1996 kapena 1997. Udzaona mitu 14 ija ndi maso ako. M'kati mwa magulu, kachizindikiro ka @ pa dzina la gulu kakutanthauza kuti gululo kwawo kwenikweni ndi nthambi ina, ndipo timagalasi ta dzuwa tinkaikidwa pa masamba amene akonzi awakonda. Yesanso altavista.digital.com. Bokosi silifufuza, koma masamba ena a malangizo anasungidwa.

Yamikani: Za DMOZ pita ku curlie.org. Akonzi ena akale anapitiriza kumeneko, magulu ake ndi omwe aja.

Chikondi: Ndatsegula Curlie, ndalowa Regional, Africa, Malawi. Pali batani lofunsira ukonzi. Amayi Nachisale, kodi wophunzira ngati ine angaloledwe?

Mayi Nachisale: Angaloledwe. Usapemphe dziko lonse, sankha kagulu kakang'ono ngati ka maphunziro. Adzakufunsa masamba awiri kapena atatu amene mulibe mmenemo, ndi chiganizo chofotokoza lililonse, chopanda mawu otsatsa. Ukalemba unditumizire ku inbox ndione usanapereke.